Mafilimu a makhawuboyi amakono: iti yoti muthere bandulo, iti yoti ingodutsa

Alamu anga anabwera kudzacheza mwezi watha, titatha kudya nsima madzulo akuti tiikireni ya makhawuboyi, ya mahatchi ndi mfuti ngati zija tinkazembera kusukulu kukaonera ku vidiyo sho. Ine pofuna kuoneka wodziwa ndinatsegula The Power of the Dog, poti paja inatchuka ku ma Oscar. Patadutsa mphindi ngati 40 anandicheukira nkufunsa kuti alamu, kodi kuwomberana kuyamba nthawi yanji? Ndinangoti dikirani. Sanadikire, anagona pampando pomwepo kukamwa kuli yasa, ndipo anachita bwino chifukwa kuwomberanako sikunabwere mpaka filimu inatha.

Wolakwa ndinali ine posankha. Mafilimu a makhawuboyi amene akhala akutuluka kuyambira m'ma 1990 kubwera kuno asiyana kutali ndi akale aja a akita wachipewa choyera amene safa. Abwino ambiri nkhani yake ndi malo, ngongole, madzi, chuma cha masiye, mfuti imangotulukira zinthu zikafika posauzana. Ndiye ukasankha potengera chithunzi chapachikuto kapena kuchuluka kwa mphoto umangowotcha bandulo pa chinthu choti pabalaza ponse palibe akuchifuna.

Zimene ndikuyezera

Mtengo. Ndalama zimene anawononga pojambula sizitikhudza, ine ndikunena maola anu ndi data yanu. Netflix eni ake amati ukaika chithunzi chapakatikati imadya mpaka 0.7 GB pa ola, ukaika HD mpaka 3 GB pa ola. Ndiye filimu ya maola awiri ndi pafupifupi 1.4 GB kapena 6 GB, zitengera mtima wanu. Kutalika kwa filimu ndiye mtengo wake, kuphatikizapo batire ngati magetsi kwanuko ndi ongobwera kudzapereka moni.

Kupezeka. Mafilimu amene ndi a Netflix eni ake nthawi zambiri amakhala pompo. Enawa amayendayenda, lero ali apa mwezi wamawa achotsedwa, komanso zimene akuona mnzanu wa ku London kapena ku Johannesburg si zonse zimene mungazione muli ku Lilongwe, ndiye yambani mwasaka dzina lake musanalipire kalikonse. Ena amadutsa pa matchanelo a mafilimu a DStv. Za anyamata obena pamsika tonse timazidziwa, koma tisanamizane, eni filimu salandirapo kanthu, ndipo ine ndinabwerako ndi fulashi itadzaza vairasi yobisa mafayilo, ntchito zanga zonse zitasanduka mashotikati.

Zimene imafuna kwa inu. Filimu ina imafuna khutu lachizungu chifukwa chizungu cha ku Texas ndi chotafuna mawu, ina imafuna sikirini yaikulu ndi chipinda chamdima, ina imafuna kudekha basi. Apa ndimaonanso ngati ingapirire kumasuliridwa kuja kwa anyamata oyankhula Chichewa pamwamba pa akita.

Pochenjera. Magazi, kutukwana, maliseche, ndi zina zoti zingakuchititseni kusakasaka rimoti apongozi ali pomwepo.

Hell or High Water, 2016

Iyi kwa ine ndiye nambala wani ndipo ndikudziwa ena akwiya poti mahatchi ndi osowa, anthu akuyenda pa magalimoto akutha mu West Texas ya masiku ano. Analemba ndi Taylor Sheridan, yemwe uja wa sewero la pa TV la Yellowstone, anatsogolera ndi David Mackenzie. Abale awiri, Chris Pine ndi Ben Foster, mayi awo amwalira atasiya famu ili pa chikole ku banki, masiku obweza atsala owerengeka, pomwe pansi pa famupo papezeka mafuta. Ndiye akuyamba kuthyola nthambi zing'onozing'ono za banki yomweyo m'mamawa, amangotenga ndalama zing'onozing'ono za m'madilowa osakhudza mitolo, nkukazitsuka ku kasino ku Oklahoma kuti akaibwezere bankiyo ngongole ndi ndalama zake zomwe. Aliyense amene anatengapo katapila nkuona chiwongola dzanja chikumera miyendo aimva filimuyi m'mafupa. Pambuyo pawo pali Jeff Bridges, wapolisi wokalamba watsala pang'ono kupuma pantchito, amene amangokhalira kunyoza mnzake Gil Birmingham koma ukuona kuti akumukonda.

Mtengo: mphindi 102 zokha, yotchipa kuposa zonse pano, siyifika 1.3 GB pa chithunzi chapakatikati.
Kupezeka: si ya Netflix eni ake ndiye imasowa nkubweranso, isakeni kaye.
Zimene imafuna: mawu olembedwa pansi, chifukwa Bridges amayankhula ngati ali ndi mbatata yotentha mkamwa. Pafoni imaoneka bwinobwino poti yambiri ndi ya masana dzuwa likuswa mtengo. Kumasulira kumaipha, kukoma kwake kuli m'macheza.
Pochenjera: kutukwana kulipo, kamphindi kamodzi ka zakuchipinda m'hotela, ndi imfa zingapo zobwera mwadzidzidzi. Ana agone kaye.

Unforgiven, 1992

Yakale pang'ono koma ndi imene inatsegula njira ya zonsezi, simungakambe za makhawuboyi amakono nkuidumpha. Clint Eastwood anaitsogolera yekha nkuseweramo ngati William Munny, chigawenga chakale chimene chinasiya mowa ndi kupha, mkazi anamwalira, pano chikuweta nkhumba ndi ana awiri. Poyambirira pomwepo mumamuona akugwa chafufumimba m'matope pothamangitsa nkhumba zodwala, akayesa kuwombera chitini akuphonya, akafuna kukwera hatchi ikumuzungulitsa mpaka kugwa. Munthu ameneyo ndi amene akupita kukapha anyamata awiri ku tauni ya Big Whiskey chifukwa amayi oyendayenda asonkha $1,000 mnzawo atachekedwa kumaso. Morgan Freeman ndi mnzake wakale, Gene Hackman ndi Little Bill, mkulu wa apolisi amene akumanga nyumba yake yekha koma denga likudontha paliponse, ndipo nkhanza zake zimaposa za zigawenga. Inatenga ma Oscar 4 kuphatikizapo ya filimu yopambana zonse.

Chimene ndimaikondera nchoti kupha munthu m'filimuyi kumawawa. Wowomberedwa safa msanga, amalira kupempha madzi, wowomberayo manja akunjenjemera.

Mtengo: maola awiri ndi mphindi ngati 10.
Kupezeka: poti ndi yakale komanso yotchuka imadutsadutsa pa TV, ndipo ma DVD ake enieni akadapezeka m'mashopu a zinthu zogwiritsidwa kale ntchito kwa inu a ku UK ndi ku Joni.
Zimene imafuna: chipinda chamdima. Mapeto ake ndi a usiku mvula ikugwa, pafoni masana mungoona nkhope yanu pagalasi. Ikufunanso kupirira ola loyamba.
Pochenjera: imayamba ndi zakuchipinda kenako mpeni kumaso kwa mayi, mphindi zoyambirira zenizeni, musanakhazikike nkomwe. Palinso kukwapulidwa kwa munthu wakuda kowawitsa mtima.

True Grit, 2010

Anaitsogolera ndi abale awiri, Joel ndi Ethan Coen. Mtsikana wa zaka 14, Mattie Ross, bambo ake aphedwa ndi wantchito wawo ndipo akufika yekha ku Fort Smith kudzalongosola zamaliro ndi kulemba ganyu munthu woti akagwire wakuphayo. Akusankha Rooster Cogburn, chidakwa cha diso limodzi, Jeff Bridges yemweyo. Matt Damon alimo ngati wapolisi wa ku Texas wodzimva. Koma mwini filimu ndi mtsikanayu, Hailee Steinfeld. Pali pena pamene akunenerera ndi mdala wogulitsa mahatchi, akumubweza mahatchi amene bambo ake anagula, akumulipiritsanso hatchi imene inabedwa ili m'khola mwake, akumuopseza ndi loya, mdala mpaka thukuta kamukamu kuvomera zonse, kenako mwanayo akubweranso kudzagula imodzi mwa mahatchi omwewo motchipa. Amayi a pa kaunjika angamulembe ntchito tsiku lomwelo. Inapikisana pa ma Oscar 10 osapata ngakhale imodzi, pomwe yakale ya 1969 inamupatsa John Wayne Oscar yake, umu ndi momwe mphotozi zilili.

Mtengo: mphindi 110.
Kupezeka: imayendayenda. Samalani posaka, mayina ndi ofanana ndi ya 1969, onani chaka.
Zimene imafuna: chizungu chake ndi chachikale chonga cha m'Baibulo, chokoma koma popanda mawu apansi theka likudutsani.
Pochenjera: ku America anaiika pa PG-13, kutanthauza kuti makolo asamale ndi ana osakwana zaka 13, ndiye ndi yofewa poyerekeza ndi zinzake, komabe muli kunyongedwa kwa anthu atatu poyera, zala zodulidwa, ndi dzenje la njoka. Amene amaopa njoka adziwiretu.

3:10 to Yuma, 2007

Iyi ndi imene ndikanawaikira alamu aja. Christian Bale ndi mlimi wa ng'ombe ku Arizona, anavulala mwendo kunkhondo, chilala chavuta, ali ndi ngongole, amene anamukongozayo wamutsekera madzi nkumuwotchera khola, ndipo mwana wake wamwamuna sakumuonanso ngati bambo. Akuvomera $200 kuti aperekeze chigawenga Ben Wade, Russell Crowe, kukakwera sitima yopita kundende ya Yuma, uku gulu la chigawengacho likuwalondola. Basi nkhani ndi yomweyo, yowongoka ngati njanji. Crowe ndi chigawenga chokoma mkamwa, chimatchula mavesi, chimajambula mbalame papepala, kenako chapha munthu ndi foloko. Anatsogolera ndi James Mangold, kubwereza ina ya 1957.

Mtengo: mphindi 122.
Kupezeka: ndi imodzi mwa zosavuta kuzipeza, imadutsa pa TV kawirikawiri.
Zimene imafuna: zochepa. Ngakhale chizungu chikuvuteni mutsatira, ndipo ndi imodzi mwa zimene zimapirira kumasuliridwa.
Pochenjera: kuwomberana kochuluka ndi magazi. Mapeto ake amagawa anthu, kwathu tinakangana mpaka tiyi kuzizira, ena akuti chigawenga chenicheni sichingachite zimenezo.

Django Unchained, 2012

Ambirife iyi tinaionera kale kapena tinaona tizidutswa pa Facebook. Anatsogolera ndi Quentin Tarantino, nkhani ndi ya chaka cha 1858 ukapolo usanathe ku America, Jamie Foxx ndi kapolo amene wamasulidwa ndi Mjeremani wina wosaka zigawenga, Christoph Waltz, ndipo akupita ku Mississippi kukawombola mkazi wake, Kerry Washington, kwa mwini munda Leonardo DiCaprio. Samuel L. Jackson ndi kapolo wamkulu wa m'nyumba amene amakonda bwana kuposa anthu a mtundu wake, ndipo ameneyo ndi amene amandiwawa kwambiri chifukwa anthu otere tonse tinakumanapo nawo pantchito. Inatenga ma Oscar 2, ya Waltz ndi ya kalembedwe.

Ndiyikoma, sindikana, kuona munthu wakuda ali pahatchi azungu atatong'ola maso kumatsitsimula. Koma nditayionera kachiwiri ndinaona kuti nthawi yaitali woganiza ndi woyankhula ndi Mjeremaniyo, mkazi uja amangolira ndi kudikira, ndipo mphindi 30 zomaliza zikungokoka.

Mtengo: mphindi 165, kuyandikira 2 GB pa chithunzi chapakatikati, kupitirira 8 GB pa HD. Batire ya laputopu yokalamba siyifika kumapeto.
Kupezeka: paliponse, iyi simungavutike nayo.
Zimene imafuna: mtima wolimba basi. Macheza ndi ataliatali koma omveka.
Pochenjera: apa ndiye pali ntchito. Liwu lija lonyozera anthu akuda limatchulidwa kupitirira ka 100, munthu akukhadzulidwa ndi agalu, akapolo akumenyanitsidwa mpaka kufa, maliseche alimo, magazi akuthovoka ngati payipi yaphulika. Ine ndinalakwitsapo kuiika malume ali pomwepo, anangodzuka mwakachetechete nkukakhala pakhonde, m'mawa mwake sanaitchule nkomwe, zimene zinali zowawa kuposa akanandikalipira.

The Harder They Fall, 2021

Mafilimu akale anatinamiza kuti makhawuboyi onse anali azungu, pomwe akatswiri a mbiri amati pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali wakuda. Iyi ya Jeymes Samuel, wa ku London, inatenga mayina a anthu enieni nkuwalukira nkhani yopeka, ndipo imanena yokha poyamba kuti nkhaniyo ndi yopeka koma anthuwo analiko. Nat Love analidi khawuboyi, Mary Fields ankanyamuladi makalata ku Montana, Bass Reeves anabadwa kapolo nkudzakhala wapolisi wotchuka wa boma, Rufus Buck ananyongedwa mu 1896 akadali mnyamata ngakhale muno akumusewera ndi Idris Elba wandevu zaimvi. Muli Jonathan Majors, Regina King, LaKeith Stanfield, Delroy Lindo. Nyimbo zake ndi reggae, hip hop, mpaka Fela Kuti akumveka amayi awiri akuswana. Pali pamene akupita kukaba ku tauni ya azungu nkupeza kuti tauniyo ndi yoyeradi, nyumba, dothi, zonse mbee, ndinaseka mpaka kubweza pambuyo.

Kunena zoona nkhani yake ndi yopyapyala, kubwezera basi, ndipo zovala ndi zaukhondo mopitirira ngati aliyense wangochoka kwa telala. Ukaimaliza umakumbukira nyimbo ndi zipewa kuposa anthu.

Mtengo: mphindi 139.
Kupezeka: ndi ya Netflix eni ake, ilipo nthawi zonse, mukhoza kuidawuniloda pa Wi-Fi nkukaonera kunyumba.
Zimene imafuna: sipika yabwino kapena mahedifoni. Pa kasipika ka foni mwataya theka la filimu.
Pochenjera: imayamba ndi makolo kuphedwa mwana akuona, magazi ndi ambiri ndipo kutukwana nkosawerengeka.

The Magnificent Seven, 2016

Denzel Washington wavala zakuda zokhazokha, akusonkhanitsa anthu 6, iye wachi 7, kuti ateteze mudzi wa alimi umene mwini migodi ya golide akufuna kuwalanda. Antoine Fuqua anabwereza ya 1960, imene nayonso inachokera ku ya Chijapani ya 1954 ya Akira Kurosawa. Palibe chachilendo, mudziwiratu zonse zimene zichitike, koma nthawi zina ndi zimene munthu akufuna Loweruka madzulo.

Mtengo: mphindi 133.
Kupezeka: yosavuta, koma onani chaka kuopa kutenga ya 1960.
Zimene imafuna: palibe, ngakhale mukusenda mtedza uku mukucheza muitsatira. Pa zonse pano iyi ndi imene kumasulira kumaikometsa.
Pochenjera: ili pa PG-13, anthu akufa ngati ziwala makamaka mfuti yopukusa ija ikayamba, koma magazi ndi ochepa ndipo zochititsa manyazi palibe.

The Power of the Dog, 2021

Tibwerere kwa imene inagonetsa alamu. Jane Campion anaijambulira kwawo ku New Zealand ngakhale nkhani ndi ya ku Montana mu 1925, inapikisana pa ma Oscar 12 nkupata imodzi yokha, yake ya wotsogolera. Benedict Cumberbatch ndi Phil, mwini famu ya ng'ombe wosasamba, wankhanza, amene mng'ono wake wakwatira mayi wamasiye, Kirsten Dunst, ndipo Phil akuyamba kumuzunza mlamu wakeyo osamukhudza ndi chala chomwe, kungoimba likhweru, kungomunyoza akamayeserera piyano, mpaka mayiyo kuyamba kubisa mabotolo. Amene anakhalapo pakhomo limodzi ndi achibale a mwamuna osamufuna aizindikira nkhondo imeneyi. Mwana wa mayiyo, mnyamata wowonda wopanga maluwa apepala, muzimuyang'anitsitsa.

Mtengo: maola awiri ndi mphindi zochepa, koma imafuna kuionera kawiri kuti muone pamene munapusitsidwa, ndiye werengerani pawiri.
Kupezeka: Netflix eni ake.
Zimene imafuna: kukhala nokha, foni ili kutali. Mukaphonya kamphindi kamodzi kokhudza chikopa cha ng'ombe mapeto simuwamva. Kumasulira ayi ndithu, mnyamata womasulira angadzaze chete yense ndi nthabwala.
Pochenjera: maliseche a amuna posamba kumtsinje, kufula ng'ombe poyera, ndipo pansi pa nkhani yonse pali mwamuna amene akubisa kuti mtima wake unali pa mwamuna mnzake. Dziwiranitu kuti musankhe bwino oonera nawo.

Killers of the Flower Moon, 2023

Ena amati iyi si ya makhawuboyi, ine ndimaiwerengera. Ndi nkhani yoona. M'ma 1920 anthu a mtundu wa Osage ku Oklahoma analemera mafuta atapezeka pa malo awo, boma nkuwaikira ambiri a iwo azungu oti aziwasungira ndalama ngati ana, ndipo azungu ena anayamba kukwatira akazi achi Osage kenako abale a akaziwo nkumafa mmodzimmodzi kuti chuma chitsikire kwa mkamwini. Robert De Niro ndi William Hale, mdala wooneka wachifundo wopezeka pamaliro aliwonse, DiCaprio ndi mphwake wopusa Ernest, Lily Gladstone ndi Mollie, mkazi amene akuona azichemwali ake akutha. Kulanda chuma cha masiye tikukudziwa kwathu kuno, koma apa kunali kokonzedwa ndi madokotala, maloya ndi ogulitsa mabokosi a maliro onse ali mu dilu imodzi. Martin Scorsese anatsogolera, inapikisana pa ma Oscar 10 osapata kanthu.

Mtengo: mphindi 206, maola atatu ndi theka kutsala pang'ono. Pa chithunzi chapakatikati ndi pafupifupi 2.4 GB, pa HD kupitirira 10 GB. Yodula kuposa zonse.
Kupezeka: ndi ya Apple, pa Netflix musataye nthawi kuisaka.
Zimene imafuna: masiku awiri. Ine ndinaidula pakati ndipo sindinaone cholakwika. Mayina ndi ambiri, muzisunga kuti uyu ndi mchemwali wa ndani.
Pochenjera: siyosangalatsa, ndi yolemetsa mtima, kupha kwake ndi kozizira kopanda nyimbo. Ngati mwangotaya wachibale idikire.

Five Fingers for Marseilles, 2017

Makhawuboyi si achilendo kuno kummwera kwa Africa, agogo amene ankagwira ntchito ku migodi ya ku Copperbelt m'ma 1950 ankawaonera m'makomboni, ana nkumangotchula akita aliyense kuti Jack. Ndiye South Africa inadzapanga yakeyake. Michael Matthews anaijambulira ku Lady Grey ku Eastern Cape, yambiri ili m'Chisotho, akita ndi Vuyo Dabula, Gadaffi uja wa mu Generations. Mnyamata anapha apolisi nthawi ya tsankho nkuthawa, akubwerera patatha zaka 20 nkupeza kuti opondereza anthu pano ndi akuda anzawo, ena mwa iwo anzake amene ankamenya nawo nkhondo. Mapiri ake, zofunda zija za Asotho, fumbi, zonse zikukhala bwino ndi chipewa ndi mfuti ngati zinabadwira limodzi.

Mtengo: maola awiri.
Kupezeka: apa ndiye povuta, siyipezeka wamba, a ku Joni muli ndi mwayi kuposa enafe.
Zimene imafuna: mawu apansi ngati Chisotho simuchimva, ndi kudekha poti imayenda pang'onopang'ono pakati.
Pochenjera: nkhanza ndi magazi, makamaka kumapeto.

Zina zongodutsa

The Revenant ya 2015 ndi imene inamupatsa DiCaprio Oscar yake, mphindi 156 za munthu akukwawa m'chipale chimbalangondo chitamukhadzula, anaijambula ndi kuwala kwachilengedwe ndiye pafoni ndi kutaya data, imafuna TV yaikulu. No Country for Old Men ya 2007 ndi yapamwamba zedi, ma Oscar 4, Javier Bardem akuopsa ndi tsitsi lake loseketsa lija, koma ngati mumakhulupirira kuti akita safa ndipo woipa alangidwe mudzaswa rimoti. Horizon ya Kevin Costner ya 2024 ndi maola atatu a gawo loyamba chabe, nkhani siyitha, ndipo gawo lachiwiri analichotsa pa ndandanda ya makanema ya August chaka chomwecho, ine sindingakulimbikitseni kugula nsalu yoti telala sanamalize kusoka. News of the World ya 2020 ya Tom Hanks ndi yofatsa, mdala woyenda m'matauni kuwerengera anthu nyuzipepala akuperekeza kamtsikana kamasiye, ili pa PG-13.

Mndandanda wanga, ndi yoti musankhe

Mwa zimene ndazikamba mokwanira ndimaziika chonchi: Hell or High Water, Unforgiven, True Grit, Killers of the Flower Moon, The Power of the Dog, 3:10 to Yuma, Five Fingers for Marseilles, Django Unchained, The Harder They Fall, The Magnificent Seven kumapeto. Koma mndandanda umenewu ndi wa ine ndili ndekha magetsi alipo, pabalaza pakadzaza umatembenuka pafupifupi chadodolido.

Ngati bandulo yatsala pang'ono ndipo muli pafoni, Hell or High Water, yaifupi komanso yowala. Ngati pali makolo kapena apongozi, The Magnificent Seven, kapena News of the World ngati ndi okonda nkhani kuposa phokoso. Ngati muli ndi atsikana a ku sekondale m'nyumba aikireni True Grit aone mnzawo akupanikiza madala, ana aang'ono enieni apatseni Rango ya 2011, katuni ya bilimankhwe amene wasanduka mkulu wa apolisi m'tauni yosowa madzi, inatenga Oscar ndipo akulu mumaseka nawo. Anyamata mwasonkhana pali sipika ndi kanyenya, The Harder They Fall, ndipo Django ngati nonse ndi akulu ndipo chitseko ndi chotseka. Ngati muli ndi Netflix yokha osafuna kusakasaka, muli ndi ziwiri zotsimikizika, The Harder They Fall ya phokoso ndi The Power of the Dog ya chete, sankhani malinga ndi mmene tsiku lakuyenderani. Tchuthi chachitali Wi-Fi ilipo, Killers of the Flower Moon, muigawe pawiri. Amene munakulira pa Clint Eastwood wa ndudu pakamwa ndipo pano mawondo ayamba kulira mukamadzuka, Unforgiven ndi yanu, muionere usiku nyali zitathima. Muli ku Joni mwatopa ndi zipululu za ku Texas, sakani Five Fingers for Marseilles.

Ndipo ngati ndi mlendo wongoti tiikireni ya mahatchi ndi mfuti, 3:10 to Yuma, mphindi khumi zisanathe khola layaka kale. Alamu aja akubweranso kumapeto kwa mwezi, ndaisunga kale.